Mabowo akugwa pansi chakumanzere: vuto ndi sight kapena chala?

Kadziwe_9

Akuluakulu, moni nonse. Funso langa ndi ili. Munthu wamanja akuwombera ndi pisito ya 9mm pa mamita 25, mabowo ake akuunjikana pansi chakumanzere kwa chandamale, pafupifupi masentimita 10 kuchokera pakati. Pa mamita 7 sizikuoneka kwenikweni. Kodi asunthe sight ya kumbuyo? Ndipo nsonga ya sight ya kutsogolo iyenera kukhala pati, pakati pa chakuda cha chandamale kapena pansi pake? Aliyense akunena zake.

Mlangizi_Chalira

Achimwene, sight asaikhudze kaye. Mwafunsa zinthu ziwiri zosiyana, ndipo anthu ambiri amazisakaniza.

Choyamba ndi kugwirizana kwa masight awiriwo paokha. Sight ya kutsogolo ndi kachitsulo koima. Ya kumbuyo ndi kampata. Kachitsuloko kakhale pakatikati pa kampata, kuwala kotsala kumanzere kufanane ndi kwa kumanja, ndipo nsonga yake ikhale ndendende ndi mapewa a kampatako, osapitirira, osatsika. Pamenepa chandamale sichinalowe n'komwe m'nkhani.

Chachiwiri ndiye malo amene mwaika masight ogwirizanawo pa chandamale.

Pa ziwirizi chimene chimavutitsa anthu ndi choyambacho, ndipo masamu ake ndi osavuta. Pa pisito ya Glock 17, kuchokera pa sight ya kumbuyo kufika ya kutsogolo ndi pafupifupi mamilimita 165. Mamita 25 ndi mamilimita 25,000. Gawani 25,000 ndi 165, mupeza 151 ndi kanthu. Tanthauzo lake n'lakuti kalikonse kamene mwalakwitsa pa masight kamakula ka 151 pofika pa pepala. Kachitsulo kakatsika ndi theka la milimita chabe, bowo limatsika ndi mamilimita 76. Pa chandamale cha mamita 25 cha ISSF, bungwe la dziko lonse la mipikisano yowombera, mzere wa 10, wapakati uja, ndi wa mamilimita 50 m'mimba mwake, ndiye kuphonya kwa 76 kwakufikitsani kale m'malire a 8 ndi 7. Theka la milimita, chinthu chochepa ngati kukhuthala kwa chikhadabo.

Pa mamita 7 kulakwitsa komweko kumangopereka mamilimita 21. N'chifukwa chake pafupi munthu amadziona ngati katswiri.

Mkombaphala

Ndiwonjezere pa zimene anena a Mlangizi. Anthu amaopa kugwedezeka kwa dzanja kuposa kusokonekera kwa masight, pamene zinayenera kukhala mosemphanitsa. Mfuti yonse ikasuntha sentimita imodzi kumanja masight ali ogwirizanabe, bowo limasunthanso sentimita imodzi basi. Silichulukitsidwa ndi 151 ayi, chifukwa mpope wa mfuti sunapendeke, wangosendera. Palibe munthu amene amaimika pisito phee. Ngakhale a ku Olympics dzanja lawo limayendayenda, kungoti limayenda pang'ono.

Tsono choipa chimachitika apa: wowombera akuona sight ikuzungulirazungulira, ikangodutsa pakati iye n'kuti "pano!" n'kutsomphola trigger, chija timakoka ndi chala kuti mfuti ilire. Kutsompholako n'kumene kumapendeketsa mpope. Kwa munthu wamanja, chala chikakoka mwamphamvu zala zina zitatu zimafinyanso, ndipo mlomo wa mfuti umagwera pansi chakumanzere. Kwa wamanzere ndi pansi chakumanja. A Kadziwe, zimene mwafotokozazo n'zimenezi ndithu. Ndinganene kuti sight ilibe mlandu mpaka itapezeka nawo.

Kadziwe_9

Nanga tingadziwe bwanji motsimikiza kuti ndi chala osati mfuti?

Mkombaphala

Njira zilipo zitatu, ndipo ziwiri mwa izo sizidya chipolopolo chowonjezera.

Yoyamba, atsamiritse manja pa thumba la mchenga, atakhala pansi, awombere zipolopolo zisanu mosafulumira pa mamita 25. Chotsamira chikhale manja kapena chimango cha pansi, osati slide, chitsulo cha pamwamba chimene chimabwerera kumbuyo mfuti ikalira, chifukwa slide iyenera kuyenda momasuka. Mulu wa mabowo ukabwerera pakati, mfuti ili bwino. Ngati pali wina wodziwa, awomberenso ndi mfuti yomweyo.

Yachiwiri, mnzake amudzazire magazini mosakaniza zipolopolo zenizeni ndi zabodza zija zopanda wonga, iye osaona. Akafika pa chabodza mfuti imangoti "ke", ndipo mlomo wake umaoneka ukugwada wokha. Kumeneko ndi kudzidzimuka, thupi kukankhira kutsogolo poyembekezera kudumpha kwa mfuti. Pa chipolopolo chenicheni sikuoneka chifukwa phokoso ndi kudumphako zimakubisa.

Yachitatu ndi kukoka trigger mfuti ilibe kanthu. Apa dongosolo lisasinthe: chotsani magazini kaye, kenako kokani slide, yang'anani m'chemba, malo amene chipolopolo chimakhala chisanawombedwe, ndi maso, lowetsanimo chala, zipolopolo zonse zikhale m'chipinda china, ndipo lozani kumene chipolopolo chingaime popanda kuvulaza munthu. Imani pafupi ndi khoma lopanda chojambula chilichonse, mlomo wa mfuti masentimita awiri kapena atatu kuchokera pakhomapo. Poti palibe chandamale, diso lilibe kwina kothawira koma pa sight. Kokani pang'onopang'ono. Kachitsulo kakagwedezeka m'kampata pamene trigger ikuduka, mwapeza wakubayo. Ena amaika kandalama kachitsulo pamwamba pa slide kuti kasagwe.

Chenjezo: pisito zambiri za .22 sizifuna kukokedwa zopanda kanthu, chifukwa kasingano kamamenya m'mphepete mwa chemba n'kuwononga. Ikanimo chabodza.

Mayi_AirPistol

Funso lachiwiri la a Kadziwe lisaiwalike, la pamene nsonga iyenera kukhala. Yankho lake ndi lakuti zimatengera mmene mfutiyo anaikonzera. Kagwiridwe kodziwika kalipo katatu.

Pali ka 6 koloko, koloza m'munsi mwa chakuda, pamene pamakhala 6 pa wotchi. Chakuda cha chandamale chimakhala pamwamba pa nsonga ya sight ngati mpira pamwamba pa mtengo. Mfuti imakonzedwa kuti iziponya pamwamba pa pamene mwaloza. Pa chandamale cha mamita 25 chakudacho ndi mamilimita 200 m'mimba mwake, ndiye chipolopolo chiyenera kukwera ndi mamilimita 100 kuti chigwe pakati. Ubwino wake ndi wakuti sight yakuda ikuonekera pa pepala loyera, kuwala kwa mbali ziwiri kukuoneka bwino. Kuipa kwake, kamagwira pa mtunda umodzi ndi kukula kumodzi kwa chandamale. Mukasintha chimodzi mwa izi, zonse zasokonekera.

Ambiri a mpikisano wa ISSF sagunditsa n'komwe nsonga pa chakudacho, amasiya mpata woyera pakati, n'kumaloza m'munsi ndithu. Chifukwa chake n'chakuti ukagunditsa, diso limakopeka kukayeza ngati zagundanadi, ndiye lachoka pa sight. Pa air pistol (pisito ya mpweya) ya mamita 10, chakuda ndi mamilimita 59.5 ndipo mzere wa 10 ndi mamilimita 11.5 okha, koma anthu amamenya 10 akuloza malo oyera opanda chizindikiro chilichonse. Ichi chokha chikuonetsa kuti nkhani yagona pa kugwirizana kwa masight.

Kachiwiri ndi ka pakati. Nsonga ya sight imadula chakuda pakati, ndipo chipolopolo chimagwa pamwamba penipeni pa nsongayo. Aka n'kamene kamathandiza pa mitunda yosiyanasiyana.

Kachitatu ndi kophimba. Kadontho ka pa sight ya kutsogolo kamaphimba malo amene mukufuna kumenya. Pisito zambiri za SIG Sauer zimabwera zokonzedwa chonchi. Munthu akatenga mfuti yotere n'kumagwira ka pakati, mabowo amatsika ndi masentimita angapo pa mamita 25, iye n'kumati mfuti ndi yokhota. Kuipa kwa kophimba n'kwakuti patali sight imabisa chimene mukuwombera.

Ndiye asanagule sight ina kapena kugogoda ilipoyo, awerenge kabuku ka mfuti yake, kenako ayese kagwiridwe katatu konse pa thumba la mchenga, zipolopolo zisanu zisanu. Pepala limuuza.

Wamanzere77

Amayi mwalongosola bwino. Koma mawu akuti nthawi zonse diso likhale pa sight ya kutsogolo ine ndimawakayikira. Ambiri a IPSC, mpikisano wowombera mofulumira, masiku ano amayang'ana chandamale, masight n'kumaoneka mbuu, ndipo amamenya bwinobwino mofulumira.

Mlangizi_Chalira

Simukunama akulu, koma tiike malire. Diso silingaone zinthu zitatu momveka nthawi imodzi: kampata kali pafupi, kachitsulo kali patsogolo pang'ono, chandamale chili kutali. Limasankha chimodzi. Funso ndi lakuti kulakwitsa kotani kumene mungakwanitse kulipira.

Pa IPSC, malo a A pa chandamale, opatsa mapointi ambiri, ndi aakulu, masentimita 15 m'lifupi mwake, ndipo zandamale zambiri zili pafupi. Pa mamita 7 taona kuti theka la milimita limapereka mamilimita 21. Ngakhale milimita yathunthu, muli mkatibe. Pamenepo kuyang'ana chandamale kulibe vuto, bola mukuzindikira kuti kachitsulo kali m'kampata. Jeff Cooper, amene anayambitsa sukulu ya Gunsite ku Arizona mu 1976, ankaphunzitsa kungoona sight mwachidule ngati kung'anima, kutsimikiza kuti ilipo, osati kuiyeza.

Koma pa mamita 25 pofuna mzere wa 10, muli ndi mamilimita 25 okha kuchokera pakati. Gawani ndi 151, mupeza kuti mwaloledwa kulakwitsa ndi pafupifupi 0.17 ya milimita. Zimenezo simungazione sight ili mbuu. Komanso akatswiri amene mukunenawo anawombera zipolopolo zosawerengeka mpaka manja awo amabweretsa masight ogwirizana okha. Wophunzira akatengera mathero popanda chiyambi, amangowaza pepala lonse.

Wamanzere77

Pa mtunda ndavomera. Koma ndikanakondabe kuti ophunzira aziuzidwa msanga kuti njira ndi ziwiri, osati kumva ngati lamulo la Mose. Ena amafika poti pa mamita 5 akuyezabe kuwala masekondi asanu.

Mlangizi_Chalira

Pamenepo sitikutsutsana.

Gogo_Wonga

Ana inu mwaiwala diso lenilenilo. Zinthu ziwiri.

Diso lolamulira. Tambasulani manja, pangani kabowo ka makona atatu ndi zikhatho, yang'anani chinthu chakutali maso onse ali otsegula. Tsinzinani lamanzere. Chinthucho chikakhalabe m'kabowo, lolamulira ndi lamanja. Chikathawa, ndi lamanzere. Munthu wamanja wa diso lamanzere pa pisito alibe vuto lalikulu ngati wa mfuti yaitali: angotembenuza mutu pang'ono kapena kusendeza mfuti kuti ifike kutsogolo kwa diso lolamuliralo. Asapendeketse mutu ngati nkhuku yoyang'ana kabawi, khosi limatopa ndipo kaonedwe kamasintha.

Kutsinzina diso limodzi mwamphamvu kumatopetsanso linzake. Ngati mukuona masight awiriawiri maso onse ali otsegula, matani katepi kosaonekera bwino pa galasi la diso linalo, kachidutswa kakang'ono kongobisa masight. Kuwala kumalowabe, nkhope siikwinyika.

Chachiwiri ndi ukalamba. Munthu akapitirira zaka 40, diso limayamba kukana kuona zapafupi. Sight ya kutsogolo ili pafupifupi masentimita 60 mpaka 80 kuchokera pa diso, kutali kuposa buku, kufupi kuposa msewu. Magalasi owerengera amakhala amphamvu kwambiri, a patali osakwanira. Ambiri amathandizidwa ndi galasi lowonjezera la +0.50 kapena +0.75. Yezani mtunda wa pa diso kufika pa sight mutatambasula mkono monga mumaimira, mukauze woyeza maso nambala imeneyo. Magalasi a zigawo ziwiri amavutitsa chifukwa chigawo cha pafupi chili pansi, munthu amachita kukweza chibwano. Ndipo galasi lililonse limene mwavala pa malo owomberera likhale lolimba loteteza maso.

Kadziwe_9

Zikomo agogo. Tsono tinene kuti ayesa zonsezi, chala chili bwino, pa thumba mulu ndi wothinana koma uli masentimita 5 kumanzere ndi masentimita 6 pansi. Apange chiyani?

Fundi_wa_Zitsulo

Apo ndiye tikhudze sight. Lamulo ndi ili: ya kumbuyo imapita kumene mukufuna kuti mabowo apite, ya kutsogolo imapita kosemphana nako.

Mabowo ali kumanzere, mukufuna apite kumanja, ndiye ya kumbuyo isendere kumanja. Ndi mlingo wanji? Tengani kuphonyako, chulukitsani ndi mtunda wa pakati pa masight, gawani ndi mtunda wa chandamale, zonse mu mamilimita. 50 kuchulukitsa ndi 165, kugawa ndi 25,000, yankho 0.33. Gawo limodzi mwa atatu a milimita. Anthu ambiri amagogoda milimita yathunthu n'kudabwa kuti mulu wadumphira tsidya lina ndi masentimita 10.

Musanasunthe, lembani kamzere ndi pensulo kuchokera pa sight kufika pa slide, kuti muone mmene yayendera. Ngati pali kasikuluwu kogwira, kamasuleni kaye. Chida chabwino ndi chokankhira sight cha sikuluwu. Ngati palibe, chotsani slide pa mfuti, imangeni pa vayisi yokhala ndi zotetezera zofewa, gwiritsani ntchito kachitsulo ka brass ndi hamala yaing'ono, mukumenya patsinde pa sight, osati pamapewa. Chitsulo cholimba chimasiya zipsera. Sight za tritium, zowala mumdima zija, musazigogode, muli timabotolo tagalasi timene timasweka.

Za kutsika: masight okhazikika sakwera kapena kutsika, mumasintha ya kutsogolo. Mabowo ali pansi, mukufuna yaifupi. 60 kuchulukitsa ndi 165, kugawa ndi 25,000, pafupifupi 0.4. Yezani imene ilipo ndi kalipa, mugule yofupikirapo ndi 0.4 ya milimita. Kupala ndi fayelo n'kotheka pa sight yakuda yopanda kadontho, koma chimene mwapala sichibwerera.

Masight okhala ndi masikuluwu osinthira ndi osavuta, koma werengani kabuku. Pisito zina za mpikisano za ku Ulaya zilembo zake zimanena kumene bowo lagwa, osati kumene mukufuna lipite, ndiye munthu amapotokola mobwerera.

Mkombaphala

A Fundi, musanamutume kukagula sight, afunse kaye za zipolopolo. Za 9mm zimabwera za 115, 124 ndi 147 grain, ndiye kuti magalamu pafupifupi 7.5, 8 ndi 9.5. Cholemera chimayenda pang'onopang'ono, chimakhalitsa mu mpope pamene mlomo wayamba kale kukwera, ndiye kawirikawiri chimagwa pamwamba kuposa chopepuka. Pa revolver kusiyanaku kumaoneka kwambiri. Munthu wowombera 115 amene mabowo ake atsika pang'ono akhoza kupeza kuti 124 kapena 147 yakonza popanda kukhudza chitsulo. Mfuti ikonzedwe ndi zipolopolo zimene izidya masiku onse.

Ndipo asaweruze ndi zipolopolo zitatu. Milu iwiri kapena itatu ya zisanu zisanu, apeze pakati pa mulu wonse, ayeze kuchokera pamenepo.

Mayi_AirPistol

Kanthu kena ka madontho atatu oyera a pa masight, limodzi pa ya kutsogolo, awiri pa ya kumbuyo. Amathandiza kupeza sight msanga, koma si nthawi zonse pamene madontho akakhala pa mzere umodzi nsonga nazo zimakhala ndendende. Pofuna kulunjika bwino, khulupirirani nsonga ndi kuwala kwa m'mbali. Ambiri amadetsa madontho awiri a kumbuyo ndi cholembera chakuda kuti diso lisakopeke ndi zapafupi. A mpikisano amakonda mtundu wa Patridge, kachitsulo ka makona ndi kampata ka makona, zonse zakuda bii.

Dzuwa likamamenya kuchokera m'mbali, mbali imodzi ya kachitsulo imanyezimira, m'mphepete mwake simuonekanso bwino, ndipo mulu umasendera osadziwa chifukwa chake. N'chifukwa chake masight abwino amakhala ndi timizere tokanda, ndipo akale ankawadetsa ndi mwaye wa nyale ya carbide asanayambe mpikisano.

Kukula kwa kampata nakonso. Kachitsulo ka mamilimita 3.2 m'kampata kothina kamasiya kuwala kochepa, kolondola koma kovuta kuona kukada. Kampata kotakasuka n'kofulumira, koma kamabisa kulakwitsa. Mikono ikakhala yaitali kachitsulo kamaoneka kochepa, ndiye palibe muyeso umodzi wa anthu onse.

Wamanzere77

Kapena angoika red dot, kagalasi koonetsa kadontho kofiira kolozera, nkhani ithe.

Fundi_wa_Zitsulo

Ithe theka. Red dot imachotsa ntchito yogwirizanitsa zitsulo ziwiri, ndipo diso limakhala pa chandamale, zimene zimathandiza kwambiri a maso okalamba. Koma siikonza chala. Wotsomphola trigger adzamenyabe pansi chakumanzere, kungoti tsopano aziona kadontho kakujowa. Amaonanso kugwedezeka kwake konse, ndipo poyamba ambiri amatsomphola kuposa kale.

Masamu ake ndi a MOA, muyeso wa ngodya zazing'ono. MOA imodzi ndi pafupifupi mamilimita 29 pa mamita 100, ndiye 7.3 pa mamita 25. Pa red dot ya Trijicon RMR kudina kumodzi kwa sikuluwu yosinthira ndi MOA imodzi, ndiye kuphonya kwa mamilimita 50 kuja ndi kudina kasanu ndi kawiri. Kadontho ka 3.25 MOA kamaphimba mamilimita 24 pa mamita 25, ka 6.5 kamaphimba pafupifupi 47, pafupifupi mzere wa 10 wonse. Poti galasi lakhala pamwamba pa mpope, pa mamita atatu kapena asanu bowo limagwa pansi pang'ono pa kadontho. Si kuwonongeka. Masikuluwu amangidwe pa mlingo umene opanga anena, ndi mankhwala ogwira sikuluwu, apo ayi mulu uyamba kuyendayenda.

Kadontho kakamasowa m'galasi pokweza mfuti, nthawi zambiri mlomo waloza m'mwamba. Vuto ndi kagwiridwe, osati galasi.

Mlangizi_Chalira

Chimene sichinatchulidwe ndi chimene chimachitika mfuti italira. Diso likhalebe pa sight, lione kachitsulo kakunyamuka m'kampata n'kubwerera. Musanayang'ane pepala, nenani nokha kuti bowo lagwa pati: "pa 2 koloko, mzere wa 9". Mukanena molondola, ndiye kuti munaona sight pa nthawi yake. Mukalephera kunena chilichonse, munaphethira, kapena diso linathamangira ku chandamale chipolopolo chisanatuluke. Wothamangira kukaona bowo amatsitsa mfuti msanga, ndipo mabowo ake amatsika.

Pa kuwombera kosafulumira musagwire nthawi yaitali. Pakatha masekondi 8 kapena 10 mkono uli m'mwamba, kugwedezeka kumakula, diso limayamba kunama, mpweya ukutha. Chotsani chala pa trigger, tsitsani mfuti, pumani, yambaninso. Trigger iyambe kukokedwa masight akangokhazikika, mphamvu ikukwera mosalekeza molunjika kumbuyo. Pa air pistol malamulo amafuna trigger yosachepera magalamu 500, pa pisito ya mpikisano ya mamita 25 magalamu 1,000, pamene Glock wamba ili cha m'ma kilogalamu awiri ndi theka, mfutiyo yosakwana kilogalamu imodzi. Chala chikukoka mphamvu yoposa kulemera kwa mfuti kawiri kapena katatu, ndiye chikakokera m'mbali pang'ono pokha, mpope umatsatira.

Kadziwe_9

Funso lomaliza. Chala chikhale pati pa trigger, pansonga kapena pa mfundo?

Mkombaphala

Pamene chikukoka molunjika kumbuyo osasuntha sight. Kwa ambiri ndi pakati pa kamnofu ka nsonga, koma zimatengera kutalika kwa chala ndi kukula kwa chogwirira. Kwa wamanja, chala chikalowa pang'ono kwambiri chimakankhira mfuti kumanzere, chikalowa mopitirira chimaikokera kumanja. Trigger yolemera ya double action, imene imakokanso yokha kahamala ka mfuti, imafuna chala cholowa mpaka cha pa mfundo yoyamba. Onetsetsaninso kuti tsinde la chala silikukhudza chimango cha mfuti, pakhale kampata koti kapepala kangalowe. Ayese malo atatu pa khoma paja, kukoka khumi pa malo aliwonse, asankhe pamene kachitsulo sikakugwedezeka. Ngati pisito yake ili ndi zakumbuyo kwa chogwirira zosinthika, ayesenso yaing'ono ndi yaikulu, chifukwa nazo zimasintha pamene chala chimafika.